Chitenge Chimene Ndinachiyendetsa pa Kompyuta

Zaka za m'ma 1980: chipinda cha mapatani

Dalitso ndi Tamanda, ana anga, nthawi zonse mumandinena kuti nkhani zanga za kuntchito ndimaziyambira pakati n'kuzisiyanso pakati ngati wailesi yakutha mabatire. Chabwino, mwawina. Manje ndapuma, maso ayamba kukana kompyuta, ndiye ndakhala pansi kuti ndilembe mwadongosolo, ndipo pano wondidula mawu palibe. Za agogo anu amene anabwera kuno ku Kafue kuchokera kum'mawa potsata ntchito ya njanji mukuzidziwa kale, za kusukulu palibe chokoma. Ine ndiyambira pa geti la fakitale ya nsalu.

Anandiika m'chipinda cha mapatani, pansi pa ba Chanda, bambo wamfupi wa magalasi ochindikala amene sankaseka ngakhale tsiku la malipiro. Ntchito yathu inali yotere. Wojambula akajambula duwa kapena nsomba ya pa chitenge, ife tinkagawa mitundu, mtundu uliwonse pa pepala lake loonekera ngati galasi. Wofiira pake, wachikasu pake, mizere yakuda pake. Ukasanjikiza mapepalawo, duwa lija linkabwerera lathunthu. Chovuta chinali chimene tinkachitcha ripiti, kutanthauza kuti patani ikatha iyambirenso popanda msoko kuoneka. Ba Chanda ankatenga pepala lako n'kulikulunga pa botolo kuti mbali ziwirizo zikumane. Tsamba likaphonyana ndi phesi lake, ankakubwezera pepalalo n'kupitiriza kumwa tiyi wawo. Ndinkadana nawo bambo amenewo, ndikunena zoona, ndipo botolo lawolo ndinkachita kulilota. Lero ndikanawaona ndikanawagwadira.

Zinthu zinkasowa masiku amenewo, osati shuga ndi sopo zokha ayi. Panali nyengo imene utoto wobiriwira unatha, ndipo wina sunabwere chifukwa ndalama zakunja zogulira kunalibe. Tinafunsa ba Chanda kuti masamba tiwatani. Iwo anangotifunsa ngati ku Kafue masamba amakhala obiriwira chaka chonse. Tinapanga masamba a bulauni ndi achikasu, masamba a m'chilimwe, ndipo azimai pamsika anakanganirana nsaluyo ati ndi fashoni yatsopano.

Zaka za m'ma 1990: kunja kwa geti

Kenaka dziko linatsegula zitseko. Salaula, zovala zakunja zovalidwa kale zija, inadzaza misika, nsalu zotchipa zinalowa kuchokera kunja, ndipo makina athu anayamba kugona limodzilimodzi. Ife a mapatani tinali oyamba kuona msana wa njira, poti fakitale imene yachepetsa kusindikiza sifuna maluwa atsopano. Tsiku lotuluka pa geti ndinalira, sindibisa. Atate anu anali ku fakitale ya feteleza, koma nakonso kunali kukhosomola. Ndinayesa kusoka, anthu anali kuvala salaula. Ndinayesa vitumbuwa pa siteshoni, tinali ogulitsa ambiri kuposa ogula. Ndinayesa nkhuku, chitopa chinandithandiza kuzimaliza.

Chimene chinandidzutsa ndi kamera ya vidiyo ya amalume anu, imene anaisiya kwathu atatopa nayo. Ojambula vidiyo ku Kafue analipo, onse amuna, koma mwamuna ali ndi malire. Pa kicheni pate, phwando la azimai lokonzekeretsa mkwatibwi, azimai akavula nsapato n'kumanga nsalu m'chiuno, amamuuza kuti apite akamwe madzi. Ine sankandituma kukamwa madzi. Filimu ndinkaidulira pa madeki awiri, makina oikamo matepi aja, ina kusewera ina kujambula, chala changa chili pa batani loimitsira. Ukachedwa pang'ono, mkwatibwi atuluka akukanda mphuno, ndipo uyambirenso zonse.

Ndi m'ntchito imeneyi mmene ndinadziwirana ndi Bina Choolwe, mai wachitonga wolima repu ndi tomato ku Shimabala, amene analinso mlangizi wamkulu. Alangizi, monga mukudziwa, ndi amene amaphunzitsa mtsikana za banja asanakwatiwe, ndipo alangizi ena onse a dera lino ankamvera mai ameneyu. Akati uyu asalowe, sulowa. Tsiku loyamba kundiona ndi kamera anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundiuza kuti ndiike chinthucho pansi ndivine kaye, aone ngati ndinalangizidwa. Ndinavina, ana inu, musaseke. Kuchokera pamenepo ankanditumira anthu, ndipo nshima ya m'nyumba mwathu inkachokera pa mawu a mai ameneyu.

Zaka za m'ma 2000: sukulu ya mu kafe

Madisiki atabwera, madeki anga anasanduka zidole. Makasitomala anali ataona mavidiyo a ku Lusaka, mmene maina a mkwati ndi mkwatibwi amabwera akuuluka n'kutera pakati pa maluwa, ndipo nawonso ankafuna zomwezo. Ndinagula kompyuta yakale, n'kuiika pa tebulo, n'kumangoyang'anizana nayo. Amene ananditsegula maso ndi ba Mweemba, mnzawo wa atate anu amene atachotsedwa ntchito anatsegula kafe ya intaneti pafupi ndi pokwerera mabasi a ku Lusaka. Iwo anandiuza kuti pa intaneti pali anthu amene amaphunzitsa kudula filimu ndi kuyendetsa zithunzi kwaulere. Ndinawafunsa kuti munthu wanzeru zake angagawe bwanji luso lake kwaulere, ngati si msampha. Anati ndikhale pansi ndione ndekha, safunsa anadya phula.

Phunziro loyamba linali la mzungu wina wolankhula Chingelezi cha m'mphuno, moti theka la mawu ake linkandidutsa. Koma maso anga ankamva. Anaika chithunzi pansi, pamwamba pake zilembo, pamwambanso duwa, chilichonse pa chimene ankachitcha leya yake, ndipo ankatha kusuntha chimodzi zina zili phee. Ndinaseka mokweza mpaka anthu mu kafe anacheuka. Awa anali mapepala a ba Chanda aja, kungoti manje duwa linkatha kuyenda. Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndikuimba, ndipo atate anu anandifunsa ngati ndatola chikwama.

Musaganize kuti zinali zofewa. Phunziro limodzi la vidiyo linkatsika pang'onopang'ono, ndipo likatsala pang'ono kutha magetsi ankazima. Ba Mweemba ankati intaneti ya ku Kafue ili ngati sitima ya katundu, imafika ikafuna. Ndinaphunzira kukonda maphunziro olembedwa okhala ndi zithunzi, amene ankatsika msanga, ndipo ndinkawanyamula pa fulashi kukawayesa kunyumba. Kunalinso masamba a pa intaneti ogawa zokongoletsa zaulere, mitima, nkhunda, zilembo zagolide. Ine, pokhala munthu amene anakulira m'kusowa, ndinkatola zonse. Pa vidiyo ya ukwati wina wa mu Okutobala, anthu akutuluka thukuta, ndinagwetsa chipale choyera cha ku Ulaya chija kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Amalume a mkwati anandiitanira pambali n'kundifunsa mwaulemu ngati kamera yanga inagwera mu ufa. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kutola chilichonse.

Chimene chinandithandiza kwambiri ndi tsamba lina limene anthu a ntchito imeneyi a m'maiko osiyanasiyana ankafunsirana mafunso. Unkalemba vuto lako lero, mawa n'kupeza wina wayankha. Poyamba ndinkachita manyazi ndi Chingelezi changa, koma ndinaona kuti ambiri kumeneko nawonso ankachithyola, ndipo palibe ankafunsa kuti uli ndi zaka zingati kapena unalekeza pati sukulu.

Chaka cha ukwati wa Mwila

Tsopano ndafika pa nkhani imene ndalembera zonsezi. Mai Bwalya a ku Kafue Estates ankakwatitsa mwana wawo Mwila. Anali mai wamphamvu, wapampando wa makomiti a maphwando pafupifupi onse a ku Estates, moti ntchito yanga yambiri inkadutsa m'manja mwawo. Mwila ankakwatiwa ndi mnyamata wogwira ntchito kunja, ndipo ukwati ukangotha amayenera kukwera ndeke. Mai Bwalya anali ndi nkhawa yoona, yoti kumene mwana wawo akupita kulibe mlangizi, kulibe azakhali, ndipo akaiwala malangizo palibe womukumbutsa. Ndiye anapempha kuti ndijambule ngakhale za m'chipinda, malangizo otsiriza amene amachitika m'mawa wa tsiku la kicheni pate, chitseko chili chotseka ndipo ng'oma zikulira. Zochitika m'menemo sindilemba. Iwe Tamanda ukuzidziwa, iwe Dalitso suzimva kwa ine.

Mlangizi anali Bina Choolwe. Anakana, Mai Bwalya anachonderera ati ndi za mwana yekha, ndipo pamapeto pake analola monyinyirika. Ndinaimika kamera pakona, inajambula. Titatuluka, mkwatibwi atafunditsidwa chitenge cha komiti chimene azimai onse anavala tsikulo, chofiirira chokhala ndi maluwa achikasu, Bina Choolwe anandigwira pamkono pakhonde. Anati wamva kuti ku Lusaka disiki yotere inapezeka ikuonetsedwa mu babashopu, anyamata odzameta tsitsi akuseka.

"Nalowesa iwe, osati kamera yako," anatero. "Mwamuna akaona vija, olo m'modzi, kulibe kamera izalowa pamene niphunzisa. Na anzanga nizabauza."

Sindinamutsutse, chifukwa ine ndinkadziwa bwino kuposa iye mmene disiki imayendera. Ukapereka imodzi, sabata isanathe ili ndi ana. Imapita kwa azakhali, azakhali abwereka aneba, aneba atumiza mwana kukakopetsa kumsika. Ndinapita kwa Mai Bwalya n'kuwafotokozera zimenezi. Ndinaganizapo zopanga disiki ina ya Mwila yekha, koma disiki ndi disiki, imakhala m'nyumba ya mwamuna ndipo alendo amatsegula mashelefu. Ndinamufunsa Mwila yemwe, ndipo anangoyang'ana pansi n'kunena kuti atsatira zimene amai ake anena. Ndinauza Mai Bwalya poyera kuti za m'chipinda sindiika.

"Amake Dalitso, fakani vonse, musachoseko olo kamodzi," anatero. "Pa Sande mubwelese. Ngati simufuna, ku Lusaka bojambula ni bambili."

Ndinatuluka osayankha, ndipo iwo anatenga kukhala chete kwanga ngati kuvomera. Mutu unaima. Ndikamvera Mai Bwalya, Bina Choolwe anditsekera zipinda zonse za alangizi, ndipo mwana wa eni akhoza kusanduka choseketsa cha mu babashopu. Ndikamvera Bina Choolwe, ntchito za ku Estates zatha, pamene inu nonse muli pasukulu. Atate anu anandiuza kuti ndingodula gawolo basi, koma kudula kokha kukanaoneka ngati ndinagona pa ntchito kapena ndachita mwano. Filimu ikanalumpha kuchokera pa azimai akulowa m'chipinda kufika pa mkwatibwi akutuluka, ngati dzino lazulidwa. Ndinkafuna kuti woonera adziwe kuti pamenepa pachitika chinthu chachikulu, ndipo chatsekedwa dala, mwaulemu.

Nzeru inabwera ndikuchapa chitenge cha komiti chija, poti nanenso ndinali nacho. Mkwatibwi timamufunditsa chitenge, nanga filimu singafunditsidwe? Ndinachisita, ndinapita nacho kwa ba Mweemba, tinachigoneka pa sikana, makina olowetsa chithunzi m'kompyuta. Kunyumba ndinagawa mitundu monga kale, chofiirira pake, maluwa achikasu pake, mizere pake, ndipo ndinakonza ripiti mpaka tsamba lililonse linakumana ndi phesi lake. Koma chinali chouma ngati thabwa, pamene ine ndinkafuna nsalu yeniyeni yogwedezeka ndi mphepo. Ndinalemba funso pa tsamba lija. Tsiku lotsatira ndinapeza yankho la munthu amene m'malo mwa nkhope yake anaika chithunzi cha mphaka. Sindikudziwa mpaka lero ngati anali mwamuna kapena mkazi, kaya wa dziko liti. Anandilozera phunziro lolembedwa la mmene ungapangire mafunde pa chithunzi, ndipo anawonjeza kuti ndisafulumizitse, nsalu yolemera imayenda pang'onopang'ono. Munthu ameneyo ankaidziwa nsalu.

Ndinayesa, chitenge chinkanjenjemera ngati chagwidwa malungo. Ndinachepetsa, chinaima. Ndinabwerera ku kafe, ndinafunsanso, wamphaka uja anayankhanso. Loweruka masana chinayenda. Chinkatsika kuchokera kumwamba n'kuphimba chitseko cha chipinda, maluwa akuyandama pang'onopang'ono popanda msoko, ndipo pamapeto pake chinkanyamuka n'kuonetsa Mwila akutuluka atafunda chitenge chomwecho. Mawu a nyimbo za m'chipinda ndinawachotsa, n'kuikamo ng'oma zokha zimene zinajambulidwa panja. Nditaonera ndekha, ndinati olo andichotse ku Estates, chinthu ichi ndapanga ine.

Lamulungu lake

Kompyuta yanga inkachedwa kuphika filimu kuti ilowe pa disiki, ndipo m'mawa wa Lamulungu magetsi anazimanso, moti ndinafika kwa Mai Bwalya dzuwa litapendeka. Ndinkayembekeza kuwapatsa disiki kukhitchini, tikanganeko awiri. Koma ndinapeza nyumba yodzaza, chifukwa linali tsiku lotsanzikana ndi ana opita kunja. Apongozi aamuna a Mwila anali pa sofa, abusa pambali pawo, amalume, mkwati ndi anzake atatsamira khoma. Bina Choolwe anali pamphasa ndi azimai ena. Ndisanapereke n'komwe moni, atate a Mwila anandilanda disiki m'manja mwachisangalalo ati amai a vidiyo abwera, n'kuilowetsa m'makina.

Mai Bwalya anatulukira kukhitchini atanyamula mbale, ndipo ataona chimene chili pa TV anaima pomwepo. Iwo ankadziwa kuti analamula kuti ndiike zonse. Kuzimitsa sakanatha, pamaso pa apongozi, popanda kufotokoza chifukwa chake. Mwila anabisa nkhope pa maondo. Bina Choolwe sanayang'ane TV, ankayang'ana ine. Pa TV azimai anayamba kulowa m'chipinda m'modzim'modzi, ng'oma zinayamba, kamera inayandikira chitseko.

Chitenge chinatsika. Maluwa achikasu anayandama pa TV yonse, ng'oma zikulira. Apongozi aamuna ndi amene anayamba kulankhula, anagwedeza mutu n'kuuza abusa kuti banja ili limadziwa mwambo, mwana wawo wakwatira kwa anthu. Nsalu itanyamuka, Mwila n'kuoneka akutuluka atafunda yomweyo, Bina Choolwe anaimba nthungululu imene ndikukhulupirira kuti inamveka mpaka kumtsinje, ndipo azimai onse analandira. Mai Bwalya anatula mbale pansi, n'kumanga nsalu m'chiuno, n'kuvina mpaka pakati pa nyumba, misozi ikutsika. Anthu ankati ndi chimwemwe cha ukwati.

Pambuyo pake anandikokera kukhitchini. Ndinkadikira mawu. Iwo anandigwira manja onse awiri. "Mwanivalika, amake Dalitso," anatero. "Nenze maliseche, mwanivalika."

Zaka zotsatira

Kuchokera tsiku limenelo panalibe kicheni pate ya ku Estates imene inkachitika popanda chitenge choyenda. Komiti ikangosankha nsalu, chidutswa choyamba chinkabwera kwa ine, ndipo amene ankachibweretsa nthawi zambiri anali Mai Bwalya omwe. Anthu anayamba kubwera kuchokera ku Lusaka, ku Lusaka komwe ndinkaopsezedwa nako kuja. Za m'chipinda sindinajambulenso, ndipo palibe anandipemphanso. Kamera inkaima pakhomo, nsalu inkatsika. Ndinapitiriza kuphunzira pa intaneti mpaka ndinayamba kuyendetsa nsomba ndi mbalame za pa nsalu, ndipo pa tsamba lija ndinafika poyankha mafunso a ena. Chithunzi chimene ndinaika m'malo mwa nkhope yanga chinali botolo. Sukulu zanu zonse zinatuluka m'maluwa amenewo.

Mwina mukufunsa za tepi imene inali ndi zonse za m'chipinda zija. Sabata yotsatira ndinakwera basi kupita nayo ku Shimabala. Ndinapeza Bina Choolwe m'dimba akuthirira. Anailandira, anaitembenuza uku ndi uku, n'kundifunsa ngati palibe inzake, kaya m'kompyuta. Ndinamuuza kuti ya m'kompyuta ndinafufuta, yatsala yomweyi. Anatenga mwala n'kuiswa pomwepo, anasolola lamba wakuda wa m'kati uja, n'kundipatsa nsonga imodzi kuti ndigwire. Tinaumanga pa timitengo kuchokera mbali ina ya dimba kufika mbali inayo, pamwamba pa mbewu zake zazing'ono zimene mbalame zinkamuvutitsa nazo. Mphepo itaomba unayamba kunyezimira ndi kulira, ndipo mpheta zonse zinabalalika.

Pochoka anandisenzetsa repu ndi tomato mpaka khosi kupweteka. Ndili m'basi ndinacheuka, ndipo lamba uja anali akuphethirabe pamwamba pa dimba. Ntchito zanga zaonetsedwa m'nyumba zambiri, ana anga, koma filimu imene ndimanyadira koposa inaonedwa ndi mbalame zokha, ndipo nazonso zinathawa.